Yes wa Bambo a Shalom

Atupele anapempha tchuthi kunyumba ya okalamba kumene ankagwira ntchito, n'kukakhala pampando wakumbuyo mu labu ya payunivesite ku South Bend, mwana wake Shalom ali pamiyendo. Amuna ake, a Sosten, anathera zaka zisanu pa kabokosi kamene kanakwera ndi roketi masana amenewo. Kakajambula nyenyezi imene ankaifuna, digiri ipezeka, mapepala okhalira m'dziko la eni lino apezekanso. Kakalephera, sukulu inanena kale kuti siwonjezera chaka.

A Sosten ankamufotokozera akutsuka mbale. Ati roketi ikakasiya m'mwamba, kabokosiko kamakhala ngati munthu amene wam'zunguza utam'manga m'maso. Kamamva kutembenuka kwake konse, koma uyenera kukauza kaye kumene kaloza. Wotumiza manambala amenewo anali iwo. Akatumiza, mzungu wina wa ku Indianapolis, a Gray, adine batani kuti kabokosi kadziwongole. Mphindi zisanu ndi imodzi basi, kenako kagwa.

Roketi inakwera bwinobwino. Koma kompyuta ya a Sosten inayamba kuzengereza manambala asanapite. Mawu a Gray anatuluka pa sipika, m'Chingerezi chothamanga: kodi simunatumize manambala atsopano aja?

"Yes," anatero a Sosten, maso ali pa kompyuta.

Atupele anam'zindikira yes ameneyo. Ndi yemwe uja wakunyumba: simunagule mkaka? Eya, sindinagule. Iye anaphunzira ndi manyazi kuntchito, nesi atam'kalipira pamaso pa anthu, kuti kuno ukati yes ndiye kuti wachita. Anatsegula pakamwa. Koma m'chipindamo munadzaza mapulofesa, iye wolekeza Fomu 2. Akonze Chingerezi cha amuna ake pagulu? Anangom'konza chipewa Shalom.

A Gray anadina. Kabokosi kanadziwongola ndi manambala akale, kanaloza poti palibe kanthu, n'kujambula mdima zithunzi mazana atatu.

Pobwerera, galimoto anayendetsa ndi Atupele. A Sosten ankangobwereza kuti iwo anayankha zoona, mzungu uja ndiye sanamve.

"Mayi a Shalom, inu munalipo. Ndinawauza kuti sindinatumize. Munamva, si choncho?"

"Ndinamva."

Anaima pa maloboti. Kumbuyo Shalom ankaimba nyimbo yake ya Chingerezi. Atupele anayamba kuyenda m'nyumba mwawo ndi maganizo, chipinda ndi chipinda, kuona chimene chingalowe m'masutikesi ndi chimene adzasiyire anzake akutchalitchi.