Pikapu ya a Goodman Ikana Kufa

Anthu ambiri akagula galimoto amapemphera kuti isafe. A Goodman a ku Kaduya ankapemphera kuti yawo ife, ndipo ankapemphera ndi mtima wonse.

Zinayamba chaka chimene nandolo anachita bwino, mavenda a pa Migowi n'kumamulimbirana. A Goodman anali mkamwini. Munda unali wa akazi awo, a Belita, ndipo ndalama za nandoloyo anazigawa pawiri: zambiri za pikapu yochitira matola, zotsala za malata, chifukwa denga la udzu linkadontha pamutu penipeni pa a Belita. A Goodman anakwera minibasi ya ku Limbe ndalama atazimangirira m'chiuno. Anabwerako ndi pikapu yoyera, yoyendapo kale kwa eni ake kunja, koma malata ayi.

Kogulitsira magalimoto kuja anakumana ndi wogulitsa wa tayi, wa pakamwa pothira shuga. Iye anawauza kuti galimoto iliyonse imatuluka ndi galanti ya miyezi yochepa, kutanthauza kuti ikawonongeka m'miyezi imeneyo kampani ikonza ulere. Koma munthu wozindikira ngati iwowo, anatero, amawonjezera kangachepe kuti galantiyo ifike chaka chathunthu. Lamulo linali limodzi lokha: wina aliyense asakhudze injini. Anawaonetsa mabawuti odonthezedwa penti wachikasu, n'kunena kuti pentiyo akangosweka ndi sipanala ya munthu wamba, galanti yathera pomwepo. A Goodman atamva zoti "munthu wozindikira" anamasula lamba. Kangachepe kaja kanali malata onse.

"Bambo a Madalo, malata ali kuti?" anafunsa a Belita atasuzumira kumbuyo kwa pikapu.

"Ali m'pepalamu, mayi a Madalo. Galimotoyi ikafa, a ku Limbe akonza ulere."

"Ndiye tikhome pepalalo padenga?"

"Inu simukumvetsa zamakonozi."

"Ndikumvetsa. Mwalipiriratu sing'anga mwana asanadwale. Nanga ikapanda kufa, ndalamazo abweza?"

A Goodman anayamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

Pamudzipo panali Amosi, mlongo wawo wa a Belita, amene anaphunzira chiwongolero pa mathirakitala a ku esiteti ya tiyi. Laisensi anali nayo, choyendetsa analibe, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayang'ana pikapuyo ngati galu woyang'ana nsomba zoyanika. A Belita anagamula nkhaniyo pabwalo, abale awo onse akumva. Chaka chikatha a ku Limbe asanamangepo ngakhale bawuti imodzi, ndiye kuti ndalama za malata zinatayidwa m'chimbudzi. Zikatero makiyi apita kwa Amosi, a Goodman abwerera ku khasu.

A Goodman anavomera akuseka. Galimoto yakale, misewu ya ku Phalombe, angaope chiyani?

Koma pikapuyo inali ndi mtima wa mfiti. Miyezi inkapita osatsokomola n'kamodzi komwe. M'mawa ankangopotokola kiyi, iyo n'kulira bwinobwino, Amosi ali chiimire pakhonde akumwetulira ndi mswachi kukamwa. Mantha anawagwira a Goodman, ndipo anaganiza zoithandiza kufa. Kuiphwanya dala sakanatha, popeza a ku Limbe sakonza za ngozi. Inafunika kufa imfa yakeyake, ya kutopa.

Apa m'pamene a Goodman anasanduka munthu wabwino. Kale munthu akabwera kudzapempha galimoto ya maliro ankayamba ndi kuusa moyo, n'kufotokoza za kukwera kwa mafuta. Tsopano ankangofunsa funso limodzi: "Msewu wake ndi wotani?" Akamva kuti ndi wa miyala, wa zigwembe, wodutsa pamtsinje wopanda mlatho, ankadzuka msangamsanga n'kuvala nsapato. Ananyamula mabokosi a maliro ndi olira omwe. Ananyamula akwati, makwaya, matumba a makaka, chinangwa chouma chija, osanjikiza mpaka kupitirira denga. Nthawi ya misonkhano ya ndale ankanyamula amayi ovina a chipani ichi m'mawa, a chipani chinacho masana, iwo osasankha mtundu wa nsalu, bola akhale onenepa. Ambiri ankangopereka ya mafuta, ena nkhuku, ena zikomo yekha.

Koposa konse anakonda ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri, kumene madalaivala ena ankakana kupitako. Kumeneko dzina lawo linakula. Amayi ankagwada m'mbali mwa msewu pikapu yoyera ikamadutsa, ndipo m'tchalitchi china anawatchula m'pemphero kuti Mulungu asunge a Goodman pamodzi ndi galimoto yawo. A Goodman atamva anakwiya kwambiri. Anthu amenewa ndi amene ankawawonongera zinthu kumwamba.

Galanti itatsala madzi amodzi, a Goodman anali ataonda. Amosi anali atagula kale magalasi akuda a udalaivala.

Tsono Loweruka lina anatenga maliro a bambo wina kuchokera kuchipatala kupita nawo ku Nkhulambe. Anakwera mtunda, anatsika mtunda, anthu ali thithithi kumbuyo. Atangolowa m'mudzi wa maliro, bokosi litangotsitsidwa, injini inatsokomola. Inatsokomolanso. Kenaka kunamveka phokoso ngati wina wagwetsa mapoto, nthunzi inatuluka kutsogolo, pikapu n'kukhala chete. A Goodman anapotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Zii.

Chimwemwe chimene anachimva sichinali choyenera pamaliro. Anachibisa m'nyimbo. Tsiku limenelo anaimba besi mpaka kumanda, mokweza kuposa akwaya, anthu n'kumanong'onezana kuti taonani munthuyu, maliro a eni akuwalira ngati ake.

Atabwerako kumanda anasonkhanitsa amuna a m'mudzimo pafupi ndi pikapu.

"Abale anga, galimoto yafa. Ine ndikupita ku Migowi kukaimba foni ku Limbe. Chonde musavutike nayo. Isiyeni momwemo."

"Tamva, bambo," anayankha a Lekani, amene ankayendetsa chigayo cha dizilo m'deralo ndi kuchikonza okha chikafa.

"Ndikunenetsa, a Lekani. Musavutike ngakhale pang'ono."

"Iyayi, tamva ndithu. Pitani bwino."

A Goodman anabwereka njinga n'kupalasa akuimba mluzu. Anaiwala chinthu chimodzi chimene ngakhale mwana amachidziwa. Kwathu kuno mlendo akati musavutike, mayi wa pakhomo amauza ana kuti agwire nkhuku. Akanenetsa kachiwiri, ndiye kuti agwire tambala. Amuna a ku Nkhulambe anayang'ana msana wa a Goodman ukuzimiririka, n'kugwedeza mitu ndi chisoni. Munthu waulemu chotere, wawanyamulira odwala ndi akufa chaka chonse, lero galimoto yake yafera pakhomo pawo, ndiye aisiye ili gada ngati ilibe abale? Midzi yoyandikana ikamva idzati chiyani?

Ku Migowi foni inavuta, a ku Limbe anavutanso. Anawauza kuti bwana watuluka, kenaka kuti makaniko wadwala, kenaka kuti aimbenso mawa. A Goodman anaimba mawa lake ndi mkuja wake, mpaka a ku Limbe anatopa nawo n'kutumiza makaniko pa njinga yamoto, galanti isanathe. A Belita atamva anati Amosi apite nawo, akaone ndi maso ake bawuti ikumangidwa. Choncho anakwera atatu pa njinga imodzi, makaniko kutsogolo, Amosi kumbuyo, a Goodman pakati atanyamula bokosi la masipanala, akufotokozera mlamu wawo ubwino woganiza za mawa.

"Mukuona, alamu, sukulu ya thirakitala ndi ina, nzeru za galimoto ndi zina. Magalasi aja musataye, muzivala popalira chinangwa."



Atayandikira mudzi uja, makaniko anazimitsa njinga kuti awoloke kamtsinje. M'kachetechete ameneyo a Goodman anamva kulira kumene ankakudziwa kuposa mawu a akazi awo. 

Pikapu inali pansi pa mtengo wa mango, yotsukidwa mpaka matayala, injini ikulira. Mudzi wonse unali pomwepo. Amayi atawaona anayamba nthungululu. A Lekani anabwera akupukuta manja pa ovolosi, nkhope ili ngwee.

"Bambo, munati tisavutike, koma ifetu sitinavutike. Tinangoitsegula pang'ono."

"Munaitsegula?"

"Yonse! Tinayala zitsulo pamkeka, china chilichonse pachokha. Chimene chinapsa tinadula china pa chikatoni cholimba, paipi yong'ambika tinamanga ndi mphira wa njinga. Makiyi munapita nawo, koma sizinativute, tinalumikiza mawaya. Mafuta a injini tathiramo a kuchigayo, mudzi wasonkha." Anatsegula boneti monyadira. "Komanso amene anakugulitsaniwo ndi anthu auve. Mabawuti onse anali odontha penti. Amayiwa akwecha ndi mchenga, taonani mmene akuwalira."

Ankawaladi. Panalibe kadontho kachikasu ngakhale kamodzi.

Makaniko wa ku Limbe anasuzumira, anakhudza mphira wa njinga ndi chala, n'kuimba kamluzu kakang'ono. Anatseka boneti mwaulemu, natenga bokosi lake la masipanala m'manja mwa a Goodman.

"Akulu, galanti yanu yatha. Pano ife sitikhudzapo." Analiza njinga yake n'kubwerera.

Anthu sanamve bwino mawuwo, ndipo amene anamva anaganiza kuti wa m'tauniyo wachita manyazi poona kuti ntchito yagwiridwa kale. Mayi wamasiye wa maliro aja anagwada patsogolo pa a Goodman.

"Bambo, amuna anga akanagona kuchipatala ngati alibe kwawo. Inu munawabweretsa. Ife osauka tilibe chokupatsani, koma galimoto yanu siyingafere pamudzi pano ife tili moyo."

A Goodman anafuna kukalipa. Anafuna kugwira a Lekani pakhosi, kuwafunsa kuti mawu oti isiyeni amatanthauza chiyani m'Chichewa, m'Chilomwe, ngakhale m'chilankhulo cha kuchigayo. Koma pamaso pawo panali mayi wogwada, wometa kumene, ndi mudzi wonse ukudikira. Misozi inangotuluka yokha. Anthu ataona misoziyo anakhudzidwa, amayi ena n'kuyamba kulira nawo.

"Abale anga," anatero a Goodman, "zimene mwandichitazi sindidzaiwala mpaka kufa."

Anthu anawomba m'manja.

Pakati pa phokosolo anamva wina akuwakodola m'nthiti. Anali Amosi, magalasi akuda ali kale kumaso, dzanja lili chitambasulire m'munsi kuti anthu asaone. A Goodman anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kupisa m'thumba. Makiyi anatuluka movutikira ngati dzino.

"A Goodman atopa, lero ndiwayendetsa ine," Amosi analengeza, ndipo anthu anayamikira kuti banja limeneli ndi la ulemu lonse.

Mpando wa kutsogolo anaikapo mkoko wa nthochi ndi dengu la mazira, zina mwa mphatso za mudziwo, kuti zisaphwanyike. A Goodman anakwera kumbuyo, nakhala pa thumba la makaka, nkhuku ziwiri zomanga miyendo zili pamiyendo pawo. Galimoto inanyamuka, anthu akuthamangira m'mbali, akuimba dzina lawo. Iwo ankabayibitsa ndi dzanja limodzi, akuganiza za khasu lawo, kuti kaya mpini wake ukadalipo kapena chiswe chinadya.

Anayenda bwino mpaka pa mtunda waukulu wokwera kuphiri, kutali ndi mudzi uliwonse. Pamenepo injini inatsokomola. Mphira wa njinga unaphulika, nthunzi inakwera, chikatoni chinanunkha kupsa, ndipo pikapu inafa imfa yeniyeni, yokwanira, yoti a ku Limbe akanaikonza sabata yathunthu. Inali imfa imene a Goodman anaipempherera chaka chonse.

Amosi anatulutsa mutu pawindo.

"Alamu, galimoto yangayi yafa. Tatsikani mukankhe."

A Goodman anaika nkhuku pambali, anatsika, n'kuyamba kukankha.