Mpata wa Msoko

Achimwene anga sanandikanirepo kanthu. Ukawatuma, yankho ndi limodzi: "Chabwino, abwana." Amalinena mofatsa, akumwetulira ngati munthu wolandira alendo kutchalitchi. Kumwetulira kumeneko ndimadana nako kuposa kutukwanidwa.

Zinayamba bambo atadwala maso n'kusiya ntchito. Shopu yawo ya utelala anaisiya m'manja mwanga, ine mwana wamkazi, pomwe achimwene ndiwo aakulu ndipo adula nsalu patebulo lomwelo zaka makumi awiri. Bambo anawafunsa ine ndili pompo ngati ali ndi mawu. "Ine? Mawu ndiwatenga kuti? Zili bwino," anatero. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linatha, ndinasanduka abwana.

Ndikati malaya awa adulidwe pofika Lachitatu, ankavomera, Lachitatu n'kufika nsalu ili chipindire. "Pepani abwana, mutu wangawu wakalamba." Tepi yanga inkapezeka m'dilowa ya mabatani. Kasitomala akayamikira diresi limene ndasoka, iwo ankausa moyo n'kunena kuti, "Eee, masiku ano anthu amakondadi zoterezi." Ndikafunsa chavuta n'chiyani, ankati, "Palibe. Kapena ndingochoka, ndisamakusokonezeni?" Ndipo ine, chitsiru, ndinkawanyengerera, ndikudziuza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwamuna wamkulu, imvi m'ndevu, wotha kudula suti osayang'ana pateni, koma wolephera kutsegula pakamwa n'kunena kuti zandipweteka. Zinkandinyansa.

Ndiye kunabwera mkwatibwi wina, namwino, atanyamula nsalu yoyera yosalala imene mayi ake anamugulira asanamwalire. Inali yokwana diresi limodzi basi. Ndinamuyeza ndekha, ndinalemba miyezo m'kope, ndipo Lolemba ndinapereka kopelo kwa achimwene kuti adule.

"Chabwino, abwana. Monga mwalembera."

Lachinayi m'mawa, ukwati uli Loweruka, ndinatenga zidutswa zija kuti ndiyambe kusoka. Manja anandiuza tepi isanandiuze. Ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amadziwa kuti podula umawonjezera mpata wa msoko, inchi uku, inchi uko, poti ulusi umadya nsalu. Achimwene anadula ndendende pa muyezo. Diresilo likanasokedwa, zipi sikanatseka.

"Achimwene, mpata wa msoko uli kuti?"

Anali akupukuta sizasi, ija yaikulu ya bambo imene sankalola munthu aliyense kuikhudza. Sanakweze n'komwe mutu. "Mpata? M'kopemo munalibe mpata. Ine ndimaopa kuika nzeru zanga pa zimene abwana alemba."

Mtima unawira, koma sindinakuwe. Kukuwako ndi kumene ankadikira, kuti akauze abale kuti udindo wandilowa m'mutu. Ndinaimbira foni mkwatibwi n'kumuuza chilungamo, kuti nsalu yake yadulidwa molakwika m'shopu yanga. Anabwera masana ali mu yunifolomu. Anagwira zidutswazo chimodzichimodzi, misozi ili mbwembwembwe. Achimwene anathamangira kumupatsa mpando. "Pepani kwambiri mayi, ife timangotsatira," anatero, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro. Ndinatsonya.

Ndinamuonetsa mtsikanayo lesi yoyera n'kumufotokozera kuti ndiika mzere umodzi mbali iliyonse, kuyambira kukhwapa mpaka pansi, ndipo diresi limukwana. Anavomera, nanga akanatani?

"Likhala lokongola," anatero akupukuta m'maso. "Kungoti si mmene amayi ankafunira."

Mawu amenewo ndi amene anatha kachisoni konse kamene ndinkawamvera achimwene. Atatuluka namwinoyo ndinatseka chitseko, ndinazimitsa wailesi, n'kuima kutsogolo kwa tebulo lawo.

"Mwadula dala," ndinatero. "Mwakwiya chifukwa cha shopuyi, ndipo mwina muli ndi chifukwa. Ngati ndi choncho nenani, tipite kwa bambo lero lomwe tikakambirane. Koma mkwiyo wanu usamagwere pa nsalu za eni ake. Mtsikana uja anakulakwirani chiyani?"

Khomo loti anene zakukhosi ndinawatsegulira lonse. Munthu wolimba mtima akanalowa. Iwo anamwetulira.

"Ine kukwiya? Abwana, mukundiganizira zoipa. Kapena ndingochoka, ndisamakusokonezeni?"

"Chabwino, achimwene."

Kumwetulira kuja kunauma pankhope. Ndinatsitsa jekete lawo pamsomali, ndinaika tepi yawo ndi choko m'thumba la pulasitiki, n'kuwapatsa. Atatambasula dzanja kuti atenge sizasi, ndinaigwira ndine.

"Iyi ndi ya shopu."

Anavala jekete pang'onopang'ono, batani limodzilimodzi. Anamanganso chingwe cha nsapato chimene chinali chomangika kale. Anayang'ana kalendala ngati akuiona koyamba. Ine ndinayala lesi patebulo lawo lija n'kuyamba kuyeza.

"Ndikupitatu."

"Ndamva."

Anafika pakhomo, anagwira chitseko, anaima. Anadikira kuti ndiwaitane monga mwa masiku onse, ndipo kudikirako kunatalika. Kenako anayankhula ndi mawu ena, okhuthala, amene sindinawamve chisiyireni bambo ntchito.

"Shopu iyi inayenera kukhala yanga. Ndinaikhetsera thukuta iwe uli kusukulu."

Ananditchula kuti iwe, osati abwana. Zaka ziwiri zathunthu ndinkafuna kumva zimenezi, ndipo zinandikhudza, sindinama. Koma kutsogolo kwanga kunali nsalu ya mayi wa mwini wake, ili zidutswazidutswa.

"Mukananena Lolemba, achimwene, nsalu isanadulidwe."

Ndinalemba mzere ndi choko, ndinasiya inchi uku, inchi uko, n'kulowetsa zala m'sizasi ya bambo.