Chithunzi cha Nyumba ya Eni Ake

Lusubilo anakana nyumba ya bambo ake pamaso pa apongozi ake, ndipo mayi ake, a Anganile, anali pomwepo koma sanatsutse.

Munali mu Julaye 2018. Lusubilo, nesi wa ku Leicester, anatenga mayi akewo kukaona kwawo kwa mwamuna wake Nils, ku Sweden. A Anganile anachita kugula nsapato zatsopano ku Belgrave Road, poganiza kuti akukalowa m'nyumba yosanja.

Anapeza nyumba yamatabwa yofiira, yakalekale, pakati pa nkhalango. Madzi otunga pachitsime. Chimbudzi chokumba kuseri. A Birgitta, amake Nils, anawazungulitsa paliponse monyadira: khola ili anamanga agogo, chitseko ichi chatha zaka mazana awiri. Ndi chimbudzi chomwe anatsegula kuti alendo aone.

"Iwe," ananong'ona a Anganile, "si paja unamugoneka mwamuna wako kuhotela ku Lilongwe, kukana kupita naye kumudzi chifukwa cha chimbudzi chokumba? Nanga ichi n'chiyani, ofesi?"

"Mum, please, musandiyalutse pano."

Masana akumwa khofi panja, a Birgitta anapempha kuona kwawo kwa mpongozi wawo. Lusubilo anatulutsa foni n'kuonetsa chinyumba champanda cha ku Area 47 ku Lilongwe, nati anamanga ndi bambo ake. M'nyumba imeneyo ndi mmene a Anganile anachapa zovala za eni ake zaka zisanu, a Jameson amuna awo atamwalira. Nyumba ya a Jameson ili ku Chitipa, zipinda ziwiri. Njerwa anaumba okha, malata ankagula limodzilimodzi. Manda awo ali kuseri kwake, pansi pa nthochi.

A Birgitta anayamikira kuti malemuwo anali munthu wakhama. A Anganile anagwedeza mutu kuvomera.

Potsanzikana, a Birgitta anawapatsa chithunzi cha nyumba yofiira ija, n'kupempha kuti nawonso adzatumize chawo, akachipachike pakhoma kuti adzukulu adzadziwe kwawo konse kuwiri.

Atabwerera ku Spinney Hill, dera lomwe amakhala mu Leicester, a Anganile anatha sabata osayang'ana mwana wawo kumaso. Kenako anaimbira alamu awo kumudzi kuti ajambule nyumba ija mmene ilili, dzimbiri la malata ndi chimbudzi chomwe. Anakachapitsa chithunzicho kushopu kwa Hanif. Kuseri kwake analemba m'Chingerezi chawo cha Sitandade 6: Nyumba ya mwamuna wanga ndi iyi, asewele. Ija ndinali wantchito. Anakachiponya kupositi, kupita kwa a Birgitta.

Lusubilo atamva kwa Nils anathamangira kwa mayi ake.

"Mwandivula, amayi. Ndikawayang'ana bwanji anthu aja?"

"Mmene ndinawayang'anira ine. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Papita milungu itatu, Lusubilo salowa m'chipinda cha mayi ake. Kutchalitchi akuti mayi wamkulu sayalutsa mwana wake kwa azungu.

Inu amene mwawerenga, ndiyankheni, musandizembe: wavula mnzake ndani?