Munthu Wothamangira Mayi Ake

"Uwakweze mutu pang'ono, iwe, nkhope sikuoneka bwino," anatero achimwene, atagwada pambali pa bedi la mayi, foni ili m'mwamba.

Ine ndinali nditanyamula beseni la madzi osamba. Sindinaliike pansi.

Mawa lake kunali mpikisano waukulu wothamanga mumzinda, ndipo aka kanali koyamba achimwene kuponda m'chipinda chimenecho chiyambireni nyengo ya mvula. Mayi anafa ziwalo mbali imodzi, lilime nalo linkawalemera. Ankakhala m'nyumba ya achimwene, inde, koma m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Wowatembenuza, wowadyetsa ndi wowachapira ndinali ine, mwana wawo womaliza.

Achimwene anali munthu wa ofesi yake ndi mimba yake. Dokotala atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, iwo anaganiza zopikisana nawo, n'kuyamba kuthamanga. Anzawo a kuntchito atayamba kuwaseka, anapeza yankho lotseka pakamwa aliyense. Anakasindikizitsa malaya okhala ndi nkhope ya mayi pachifuwa, pansi pake mawu akuluakulu: NDIKUTHAMANGIRA MAYI ANGA. Tsiku lomwe mayi anagwa pabedi n'kuvulala pachipumi, wothamangayo anangokuwa ali pasofa kuti, "Kwagwa chiyani uko?"

"Mayi, mwetulirani," anatero, tsaya lawo atalifikitsa pafupi, koma osakhudza. Mpweya anali ataugwira. Foni itangojambula, anadzuka ngati wapsa, n'kukapumira pakhonde.

Madzulo pabalaza panali ngati pogulitsira katundu. Nsapato zinali pampando wa alendo, zitayalidwira kansalu. Sokosi, kabudula, chipewa, timabotolo ta madzi otsekemera, zonse zili ndondondo patebulo. Nthochi zinaletsedwa kwa wina aliyense. Alamu anga anali chogwada, akuwenga zikhadabo za kumapazi kwa amuna awo mosamala ngati akuchita opaleshoni.

"Osafika pamnofu! Chala chimodzi chikhoza kundiwonongera zonse."

Miyendo yawo inali itasanjikidwa papilo. Ndinaizindikira piloyo: inali ija ndinkaika pakati pa mawondo a mayi kuti asatuluke zilonda. Pafupi pake panali botolo la mafuta omwe ndinkawadzoza kumsana, lili pululu, zala zitakokota mpaka pansi.

"Achimwene, mafutawa ndi a mayi."

"Ntchafu zimakhulana ukathamanga mtunda wautali. Iwe sungazidziwe zimenezi." Anamwa madzi, n'kuyang'ana wotchi yawo yowerenga kugunda kwa mtima. "Ndipo pali nkhani ina. Mayi amabuula kwambiri. Ine lero ndikufunika tulo tokwanira. Uwasamutsire kugalaja, usiku umodzi wokha. Uwafunditse bwino."

Ndinayang'ana alamu. Iwo anaweramira chala chachikulu.

"Kugalaja, kumene kumagona galu?"

"Galu timutulutsa. Usakuze nkhani, mwana iwe. Zonsezi ndikuchitira iwo omwewo."

Khomo la kukhitchini linali lotsegula, ndipo matenda aja sanakhudze makutu a mayi. Nditalowa, ndinawapeza akuyesa kukoka bulangete ndi dzanja lawo lamoyo lija, kulipinda, ngati munthu wokonzeka kusamuka asanamuuze kachiwiri.

"Gonani, mayi. Palibe akupita kugalaja."

Ndinakhoma chitseko, n'kuimbira mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, amene ankakhala kutsidya kwa msewu waukulu. Iwo anakhala akupempha kalekale kuti awatenge akulu awo, achimwene n'kumakana poopa zonena anthu.

"Bwera nawo mawa," anatero. "Bedi lilipo."

M'mawa achimwene anadya nthochi zawo, anadumphadumpha pakhonde, anadzijambula, n'kunyamuka. Kuchipinda kwathu sanasuzumireko. Ndinamanga zovala ndi mankhwala m'chikwama, ndinawakhazika mayi pachikuku, n'kutuluka. Alamu anatitsegulira geti.

Galimoto sizinkayenda, misewu inali yotseka. Ndinakankha chikukucho mpaka pamsewu waukulu, pomwe wapolisi anatiimitsa pachingwe.

"Dikirani adutse kaye, achemwali."

Anadutsa akatswiri, owonda ngati nsungwi, mapazi osamveka. Linadutsa khamu. Dzuwa linakwera, ndinawaphimba mayi kumutu ndi thaulo. Kenako, pakati pa otsalira, anatulukira achimwene, pakamwa pali yasa, akukoka miyendo ngati yobwereka. Ataona wojambula wa nyuzipepala ataima pafupi nafe, anawongoka msana, anakweza manja onse awiri. Anthu anaombera m'manja.

Mayi anawazindikira. Anatukula dzanja, milomo ikulimbana ndi dzina la mwana wawo.

Achimwene anadutsa pafupi moti thukuta lawo linandidonthera pamkono. Maso awo anali pa kamera. Anatsiriza madzi a m'kapu yapepala, n'kuiponya kumbali osayang'ana. Inagubuduka, n'kudzaima pa phazi la mayi.

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono mpaka pamwendo.

"Wolokani tsopano," anatero wapolisi, akukweza chingwe.

Ndinakankha. Tayala linaponda kapu ija n'kuiphwanya, ndipo tinawoloka.