Pikapu Yodzatenga a Chavula

Veronica adali atangoviika mabulangete m'bafa pamene amayi a Tadala, oyandikana nawo nyumba, adasuzumira pampanda.

"Amayi a Thumbiko, kodi mukusamuka?"

"Ndisamuke ndi zochapa zili m'madzi?"

"Kumsewu uko, pagolosale paja, paima pikapu. Yalephera kulowa chifukwa cha ngalande ija. Atsikamo alamu anu a ku Rumphi ndi azibambo awiri, asenza matilesi. Akuti adzatenga wodwala."

Veronica adapukuta manja pachitenje. Sadathamange. Kuyambira mwezi wa Epulo chaka chimenecho cha 1996, pamene amuna ake, a Peterson Chavula, adagwa muofesi atagwira pachifuwa, iye adali atathamanga mokwanira. Kampani yomwe ankagwirako ukalaliki idawatumiza ku Joni, iye n'kupita nawo kukawadwazika. Kumeneko madokotala adang'amba chifuwa, adachotsa mtsempha pamwendo n'kuulumikiza kumtima kuti magazi azilambalala pomwe padatsekeka. Fupa la pachifuwa adalimanga ndi waya. Powatulutsa adamupatsa Veronica pepala: mchere wongolawitsa, mafuta ayi, nyama yonona ayi, ndipo wodwala aziyenda tsiku lililonse.

Tsopano inali sabata yachisanu ndi chiwiri ali pakhomo pawo ku Area 25, ku Lilongwe. Mdani wamkulu wa pepalalo adali anthu odzazonda matenda. Aliyense ankabwera ndi kambale kovundikira: chiwindi chokazinga, mazira, mandasi. Kubweza mbale yotere n'kutukwana. Veronica ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, mlendo akangotuluka n'kuitana ana.

A Keziah, mlongo wawo wamkulu wa a Chavula, adalowa pachipata ndi thupi lawo lonse, azibambo a matilesi ali pambuyo. Veronica adayala mphasa pakhonde, adagwada n'kupereka moni.

"Mwayenda bwanji, alamu?"

"Miyendo yayenda, mtima ndiye ayi. Ali kuti Peterson?"

A Chavula adatuluka okha m'nyumba atavala masilipasi, buluku atalimanga ndi lamba woboola mabowo atsopano. A Keziah adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira pakamwa.

"Taonani khosilo. Munthu anali ndi mimba ya ubwana uyu. Mlamu, tamva zonse. Mukumudyetsa masamba owiritsa ngati mkaidi. M'mamawa mukumuyendetsa mpaka kumsika wa Nsungwi, inu pambuyo ngati mukukusa ng'ombe. Kwathu wodwala amagona, amamuphera nkhuku, amamwa msuzi wa mafuta kuti magazi abwerere."

"Wakuuzani ndani zimenezi?"

A Keziah adamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kalata yopindidwa kanayi. Adaiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera zilengezo kutchalitchi.

"Mlongo wanga wokondedwa, mpeni wa ku Joni ndaupulumuka, koma ndifa ndi njala m'nyumba mwanga momwe. Ndiwo zilibe mchere. Mlamu wanu akundiyendetsa ngati msilikali."

Veronica sadafunikire kuigwira kalatayo. Zilembo zopendekeka bwinozo ankazidziwa kuyambira ali pachibwenzi. Adatembenukira kwa amuna ake. A Chavula adali kuyang'ana masilipasi awo ngati awaona koyamba.

"Linali tsiku la nyemba zopanda mafuta lija," adatero motsitsa mawu. "Ndinangofuna kudandaulako. Sindinadziwe kuti abwera ndi galimoto."

"Walira mvula walira matope, bambo a Thumbiko."

"Musamuzazire," adatero a Keziah. "Akuluakulu kumudzi akhala pansi, agwirizana. Tikamusamalira ife, akanenepa tidzakubwezerani. Chibale ndi fupa, sichiola."

Veronica adalowa m'nyumba. Adatuluka ndi chitini cha mabisiketi chomwe ankasungiramo mankhwala, pamodzi ndi pepala la ku Joni, n'kuziika pamphasa patsogolo pa alamu ake.

"Atengeni. Ine sindilimbana nanu, ndatopa. Ndili ndi ana anayi, wachisanu ndi uyu wandevuyu. Koma mumvetsere, chifukwa sindibwereza. Aka koyera ndi ka m'mawa. Aka n'koti magazi asaundane, ndiye akadzicheka pometa musadabwe magaziwo akamachedwa kuleka. Aka kakang'ono n'koika pansi pa lilime chifuwa chikathina. Lachinayi likudzali akufunika kuchipatala kukawayeza. Kuchokera kwanu kuja kukafika pachipatala panjinga ndi maola angati?"

A Keziah adasuzumira m'chitinimo, Veronica n'kupitiriza.

"Ndipo msewu wa kwanu ndikuudziwa. Pikapu ikamadumpha m'maenje, wina azigwira pachifuwapo kuti waya asamasuke."

"Waya wanji?"

"Bambo a Thumbiko, masulani malaya alamu aone zomwe akutenga."

A Chavula adamasula mabatani mwaulesi. Chipsera chidayambira pansi pa khosi mpaka pamwamba pa mimba, chofiirira, chokhala ndi timadontho mbali zonse ziwiri momwe mudadutsa ulusi. Azibambo a matilesi adayang'ana kumbali. A Keziah adatambasula dzanja ngati akhudze, n'kulibweza. Misozi idalengeza, koma mawu awo adauma kuposa poyamba.

"Ndiye munthu wong'ambidwa chonchi n'kumamuyendetsa? Mulibe chisoni, mlamu. Inu, yalani matilesiwo apa. Peterson, gona. Akunyamula mpaka kumsewu."

Azibambo aja adayala matilesi pabwalo, wina kumutu wina kumiyendo, n'kuima modikira. Pampanda tsopano padali mitu isanu ndi umodzi. Ku Area 25 munthu wamkulu akatuluka pachipata atamunyamula pamatilesi, amayi a Mvano sadikira uthenga, amayamba kufunsana kuti nkhuni za pamaliro zichokera kuti. Mayi wina adali atagwira kale tsaya.

Veronica adapinda manja n'kutsamira chipupa. Miyezi itatu adali atalankhula mpaka kusasa mawu, ndipo malipiro ake adali kalata ija.

A Chavula adayang'ana matilesi, adayang'ana mitu ya pampanda.

"Ndigone pamenepo? Masana ano, anthu onsewa akuona?"

"Nanga ufika bwanji kumsewu? Ndi kutali."

"Kumsewu n'kutali?" A Chavula adamanga mabatani mmodzimmodzi mpaka la pakhosi. "Alongo, dzulo ndinafika ku Nsungwi n'kubwerako, osakhala pansi. Mwezi watha ndinkalephera kufika pachipata pomwepa."

"Si iwe unalemba kuti ukufa?"

"Ndinalemba ndili ndi njala. Munthu wanjala amalemba zambiri."

Adalowa m'nyumba. Potuluka adali atavala nsapato zawo zakuda za kuntchito ndi jekete yomwe tsopano inkalendewera m'mapewa.

"Ndikukamuuza dalaivala ndekha kuti katundu wake wakana kukwera. Dokotala akavomera Lachinayi, mwezi wamawa ndikubwerera kuofesi. Ku Rumphi ndidzabwera pa Khirisimasi, pabasi, nditakhala pampando."

Atafika pomwe padaima Veronica adachepetsa mawu.

"Amayi a Thumbiko, poti kwabwera alendo, lero kamchere pang'ono..."

"Ayi."

"Ndimangofunsa."

Adatuluka pachipata. Mitu ya pampanda idatembenuka kuwatsatira. Ankayenda monga adazolowera m'mamawa monse, mutu uli chilili, manja akugwedezeka, osafulumira koma osaima.

A Keziah adadzuka pamphasa movutikira n'kuwalondola.

"Peterson, pang'onopang'ono. Peterson, ndikulankhula nawe."

Azibambo aja adayang'anana, adasenzanso matilesi awo n'kutsatira. Asadafike n'komwe pampope wa madzi, a Keziah adaima, dzanja lina m'chiuno lina pamtengo wa magetsi, akupumira m'mwamba. A Chavula adali atakhota kale pangalande.

"Amayi a Thumbiko," adatero amayi a Tadala ali pampanda, "pagulu lapita apali, wodwala ndi uti?"

Veronica sadaseke. Adatola chitini cha mankhwala ndi pepala lija n'kukazibwezera pamwamba pa kabati. Kalata idali itatsala pamphasa. Adaipinda momwe idalili n'kuisiya pampando wa amuna ake, kuti akabwera aikhalire kapena aiwerengenso.

"Abwerera alamu anuwo," adatero amayi a Tadala. "Sangapite ku Rumphi osadya. Ndikubwerekeni mafuta?"

"Adya zomwe adye mlongo wawo. Akafuna akalembe kalata."

Madzi a m'bafa adali atazizira, thovu litatha. Mabulangete atatu adali momwemo, lachinayi likadali pansi. Veronica adakwinya chitenje mpaka m'mawondo, adalowa m'bafamo n'kuyamba kuponda.