Maiki pa Ndodo ya a Florentino

Maiki ya a Elias inali ndi nthenda yake. Ukangoigwira ndi dzanja, inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, ndipo choikapo analibe. Anayesa nsungwi, mphepo inagwetsa. Anakoleka pa njinga ya munthu, mwini wake anafuna kupita kwawo. Basi maso awo anagwera pa ndodo ya a Florentino.

Ine Alzira ndinkakazinga mbatata pomwepo, pamsika wa Milange, chaka chimene tinkabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ya ku Malawi. A Elias anali wamalonda wa ku Muloza, ndipo chimkuzamawu chawo chinali chotsatsira sopo ndi mabatire. Pakati pa malondawo ankaitananso mayina a anthu osowa, poti nkhondo inatimwaza osatsanzikana.

A Florentino ankafuna akazi awo, a Delfina. Anasiyana powoloka mtsinje wa Ruo mfuti zikulira. Mwendo wa a Florentino unadzaduka pambuyo pake, ataponda bomba la m'nthaka pokaona munda, ndipo mkaziyo sankadziwa zimenezi. Bamboyo ankayendera ndodo imodzi yachitsulo, ya kuchipatala.

"Achimwene, tibwerekeni ndodoyo," anatero a Elias. "Lole iliyonse ikaima, dzina la alamu ndiziyamba nalo."

Ndinalusa. "Inu a Elias, manyazi mulibe? Mwendo wa munthu muusandutse choikapo maiki? Mitengo yatha m'thengomu?"

A Elias akuti yachitsulo ndiyo yabwino, imatalika ndi kufupika. A Florentino anangoseka. "Asiyeni, achemwali. Mawu angawa angafike pati? Ndodoyo izindiyankhulira."

Anaizika m'chitini cha mchenga, n'kumangirira maiki ndi mphira ya chubu cha njinga, mfundo pamwamba pa mfundo. Eni ndodo ankakhala pa saka pambali panga n'kumandisendera mbatata. Miyezi inapita choncho.

Tsiku lina masana inaima lole ya obwerera kuti athire madzi mu injini. Ogulitsa anaithamangira, patsogolo pathu n'kudzaza miyendo yokhayokha. A Elias anaitana: "Delfina! Amuna anu a Florentino ali pano, akukufunani!"

Mayi wina kumbuyo kwa lole anaimirira, dzanja pachipumi, maso kumene kunali maiki.

"Ndi iyeyo!" A Florentino anandigwira mkono mpaka kundipweteka. Anayesa kudzuka, anagwera m'makoko a mbatata. Anakuwa dzina la mkazi wawo, koma a Elias anali atayamba kale, "Sopo, sopo, wochapa mbuu!" ndipo chimkuzamawu chinali pamwamba pa mitu yathu penipeni. Ine amene ndinali nawo pafupi sindinkawamva n'komwe.

Ndinasiya mafuta pamoto n'kuthamanga, kukankha anthu, kutukwana ndikutukwana. Mayi uja anayang'anayang'ana amuna onse oimirira pafupi ndi maiki, mmodzimmodzi. Dalaivala analiza hutala. Kutsika kukanatanthauza kusiya ana ake ndi thumba la mbewu m'lolemo, tsono mayiyo anakhala pansi. Pofika ine, ndinangomeza fumbi.

Loleyo inkapita kuti? Ena akuti Molumbo, ena Gurue, ena Mocuba. Pambuyo pake a Florentino anakafika mpaka ku Molumbo atakwezedwa pa njinga, koma sanapeze wowadziwa a Delfina.

Mtima umandiwawa ndikakumbukira masana amenewo. Nditabwerera ndinapeza a Elias atagwada, akumasula mphira ndi mano. A Florentino anali chikhalire m'dothi, makoko ali m'malaya. Sanakalipire munthu.

"Wayang'ana pamalo pake, achemwali," anatero. "Ndodo yanga waiona itaima bwinobwino. Ine ndiye panalibe."