Chimphona ndi Kanyerere pa Shopu Yanga

Ine ntchito yanga ndi yotaipa ndi kupulinta. Pa shopu ndili ndi makompyuta awiri, ndipo ankagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku limene amuna anga ndi achimwene anga anayamba kukangana za kenelo. Akuti kenelo ndiye mtima wa kompyuta, ndiyo imauza kiyibodi, pulinta ndi zina zonse chochita. Ine ndinawafunsa? Ayi ndithu.

Amuna anga amakonda kenelo yaikulu, anaitcha Chimphona. "Alamu, ichi chili ndi zonse m'mimba, sichigwa chisawawa."

"Koma chikagwa chimagwa chonse ngati thumba la simenti," anatero achimwene. "Kanga Kanyerere n'kochepa, ngakhale kathyoke mwendo umodzi kamayendabe."

Mapeto ake aliyense analanda kompyuta imodzi n'kuikamo yake, ati aone imene ikhalitse osathima. Abale inu, anthu aakuluakulu, ndevu pepeya!

Lachinayi kunabwera aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi, kasitomala amene ndakhala ndikumunyengerera chaka chathunthu. Ankafuna mayeso a ana apulintidwe tsiku lomwelo. Ndinayesa Kanyerere. Kuchepa kuja, pulinta sikankaidziwa n'komwe. Ndinathamangira kwa Chimphona. Icho chinaidziwa, koma chinati ndiyambe ndachithimitsa n'kuchiyatsanso.

Ndinaimbira amuna anga. "Amayi, musayerekeze! Mukufuna alamu andiseke mpaka kumanda?"

Ndinaimbira achimwene. "Chemwali, ugwire mtima. Loweruka ndibwera ndidzakaphunzitse za pulinta."

Loweruka! Ana alemba mayeso mawa, munthu akundiuza za Loweruka.

Aphunzitsi aja anayang'ana wotchi yawo, anatola mapepala awo mwaulemu, n'kuwoloka msewu kukalowa mu shopu ina yotsegulidwa kumene. Ndinaona ndi maso angawa eni shopuyo akuwakokera mpando. Mtima unandiwawa zedi, moti misozi inalengeza. Ndinagwada pansi pa tebulo n'kuzula pulagi kukhoma. Makompyuta onse awiri zii.

Madzulo amuna anga ndi achimwene anatulukira limodzi, akukanganabe. Ndinawauza zonse osabisa: kasitomala wapita, ndipo sadzabweranso. Anayang'ana masikirini akudawo, ine n'kumati eya, manyazi awagwira tsopano. Achimwene anakanda m'mutu. Amuna anga anakhosomola, n'kusendera pafupi.

"Pepani kwambiri amayi, talakwa. Koma pamene mumazula paja, inayamba kuthima ndi iti?"